Kaufiti amadziwa bwanji kuti chimanga chamera? Zomwe ofufuza apeza pansi pa nthaka

Pamene timaluwa tofiira ta kaufiti tikuonekera m'mizere ya chimanga, chiwonongeko chachikulu chimakhala chitachitika kale. Chomerachi chimatha milungu 4 mpaka 7 chili pansi pa nthaka, chitadziphatika ku muzu wa chimanga, chikuyamwa madzi ndi chakudya. Mlimi amangoona chimanga chikupinimbira, masamba akufota ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa bwinobwino. Akabwera ndi khasu kudzapalira amakhala atachedwa. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi ya zomera, pamodzi ndi ophunzira awo a digiri ya PhD ku Nairobi, Amsterdam, Nagoya, Pietermaritzburg ndi kwina, anasiya kulimbana ndi duwa. Maso awo ali pa zomwe zimachitika m'masiku oyambirira, njere ya kaufiti ikadali gone pafupi ndi muzu.

Njereyo ndi yaying'ono kwambiri, yosakwana theka la milimita, moti pachikhatho imaoneka ngati fumbi. Tsinde limodzi limabereka njere masauzande makumimakumi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka 10 kapena kuposerapo zili zamoyo. Koma kuchepa kwakeko kuli ndi vuto lake: mkati mwa njere muli chakudya chongokwanira masiku ochepa. Ikamera popanda muzu woti iuphatike, imafa. Choncho njere ya kaufiti siimera chifukwa choti mvula yagwa basi. Imafuna kaye kukhala pachinyezi ndi pofunda kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenako imadikira chizindikiro chotsimikiza kuti muzu wa chimanga, mapira, mchewere kapena mpunga uli pafupi, mamilimita ochepa chabe. Chizindikirocho ndi timankhwala tomwe muzu womwewo umatulutsa m'nthaka.

Kamankhwala koyamba ka mtunduwu kanapezeka m'chaka cha 1966 ku United States, m'mizu ya thonje, ndipo anakatcha strigol. Anthu a ku Amereka sanamufufuze kaufiti mwachisawawa. M'zaka za m'ma 1950 kaufiti wofiira, yemweyu wa kwathu kuno, anapezeka m'minda ya chimanga ku North Carolina ndi South Carolina, ndipo anafalikira pa maekala oposa 400,000. Boma la kumeneko linatseka maderawo, n'kuyamba nkhondo yomwe yatenga zaka zoposa 60. Gulu lonse la timankhwala tonga strigol, todzutsa njere ya kaufiti, lero limatchedwa strigolactone.

Kwa zaka pafupifupi 40 funso limodzi linasowa yankho: n'chifukwa chiyani chimanga chimatulutsa chinthu chomwe chimadzutsa mdani wake? Chomera sichingawononge mphamvu zake kupanga chinthu chongochipweteka. Yankho linachokera ku Japan m'chaka cha 2005, pamene Kohki Akiyama ndi anzake anaonetsa kuti strigolactone ndi uthenga wopita kwa bowa wina wosaoneka ndi maso amene amakhala m'nthaka. Bowayu amalowa m'mizu, amatambasula timaulusi take kutali komwe muzu sungafike, n'kumabweretsa madzi ndi fosifolasi, chakudya cha mbewu chomwe chimapezekanso mu feteleza. Chomera chimamubwezera shuga. Patangopita zaka zitatu, mu 2008, magulu awiri a ofufuza anapeza padera kuti timankhwala tomweti timagwiranso ntchito mkati mwa chomera, kuchiletsa kuphuka nthambi zambiri chakudya chikachepa.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri, chifukwa ikufotokoza chinthu chomwe alimi anachiona kalekale: kaufiti amakonda nthaka yaguga. Chimanga chikasowa fosifolasi, komanso nayitrojeni, chimachulukitsa strigolactone kuti bowa uja abwere msanga. Zili ngati munthu wakuba ndi njala wafuula kuitana abale kuti adzamuthandize, koma woyamba kumva n'kukhala wakuba. Munda wa mlimi amene alibe feteleza kapena manyowa ndi umene umafuula kwambiri, ndipo ndi umene umadzutsa njere zambiri. Kaufiti akachepetsa zokolola, mlimi uja amasowanso ndalama zogulira feteleza chaka chamawa, nthaka imapitiriza kuguga, njere zatsopano zimawonjezereka. Umphawi ndi kaufiti zimadyetsana motero, ndipo kafukufuku aliyense amene saganizira zimenezi amathera m'labotale.

Njere ikamera, kamuzu kake kamamva timankhwala tina tapakhungu pa muzu wa chimanga, n'kutupa kunsonga kukhala kachiwalo koboolera. Kamalowa mpaka kufika m'mitsempha yonyamula madzi. Kuyambira pamenepo kaufiti amakoka madzi mwamphamvu kuposa mwini wake. Ofufuza a ku Kobe University anapeza mu 2019 chifukwa chake: zomera zina zimatseka timabowo ta m'masamba kukauma, koma kaufiti samva lamulo lotseka, amangotulutsa nthunzi, ndipo madzi a chimanga amathamangira kwa iye.

Podziwa zonsezi, ofufuza agawanika m'njira zingapo, ndipo sizofanana kukula kapena kukhwima kwake.

Njira yomwe yakopa anthu ambiri ndi yonamiza njere. Ngati njere imafa ikamera popanda muzu, bwanji osaidzutsa m'munda mulibe chimanga? Anthu a ku Amereka anachita zomwezi popopera mpweya wa ethylene m'nthaka ndi makina, ndipo ndi imodzi mwa njira zomwe zinachotsa kaufiti pafupifupi m'dera lonse lija. Koma makina ndi mpweya wotere sizingafike kwa mlimi wa ekala imodzi ku Mchinji. Kunafunika mankhwala otsika mtengo, amphamvu ngakhale atachepa. Kuti awapange, anafunika kudziwa kaye chomwe njere imamvera. Mu 2015 magulu a Yuichiro Tsuchiya ku Nagoya University ndi Peter McCourt ku University of Toronto anazindikira timapuloteni ta m'njere ya kaufiti tomwe timagwira strigolactone, ndipo kamodzi mwa ito kanapezeka kuti n'katcheru modabwitsa. Mu 2018 gulu la ku Nagoya linapanga mankhwala otchedwa SPL7 olunjika kapuloteni kameneka, omwe amadzutsa njere ngakhale atasungunulidwa kwambiri, osasokoneza bowa wothandiza uja. Ku Saudi Arabia, gulu la Salim Al-Babili la ku yunivesite ya KAUST linapanga mankhwala akeake, n'kuwayesa m'minda ya mchewere ndi mapira ku Burkina Faso, komwe m'malo ena kaufiti wotuluka anachepa ndi theka kapena kuposerapo.

Zotsatirazi n'zolimbikitsa, koma pali zovuta zomwe sizichoka. Mankhwalawa amagwira pokhapokha njere zitakhala kale pachinyezi, ndiye kuti mvula yoyamba itagwa. Mlimi ayenera kuthira, n'kudikira masiku angapo kuti timizu ta kaufiti tife asanadzale. Aliyense amene analimapo chimanga kuno akudziwa mtengo wa kuchedwa kudzala, makamaka masiku ano pamene mvula ikumadula msanga. Palinso njere zambiri zakuya zomwe sizidzuka ulendo umodzi, choncho ntchitoyi ndi ya zaka zingapo. Alimi ali nayo kale njira yofanana nayo yosagula: thonje, soya, mtedza ndi khobwe zimatulutsa timankhwala todzutsa kaufiti wa chimanga, koma iye sangathe kukhala pa mizu yake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe alangizi amalimbikitsira kasinthasintha wa mbewu.

Njira ina, yomwe ine ndikuiona kuti ili ndi tsogolo lalikulu, ndi yosintha uthenga womwe mbewu imatumiza. Strigolactone si mmodzi, alipo amitundu yambiri, ndipo njere ya kaufiti simva yonse mofanana. Gebisa Ejeta, wobadwira ku Ethiopia yemwe amagwira ntchito ku Purdue University, anatha zaka zambiri akufufuza mapira omwe sadzutsa njere zambiri, ndipo analandira mphoto ya World Food Prize mu 2009 chifukwa cha mbewu zomwe anatulutsa. Mu 2017 gulu lake linapeza gwero lake: jini imodzi yotchedwa LGS1 (jini ndi kalangizo ka m'thupi la chamoyo komwe chimatengera kwa makolo). Jiniyi ikafa, mapira amasiya kutulutsa mtundu womwe kaufiti amaumva kwambiri n'kuyamba kutulutsa wina womwe saumva bwino. Sikuti mbewu yakhala chete. Bowa uja akuitanidwabe. Kafukufuku wa Emily Bellis ndi anzake mu 2020 anaonetsa kuti mapira amakolo opanda jiniyi amapezeka kwambiri m'madera a Africa momwe kaufiti ndi wochuluka. Tanthauzo lake n'lakuti alimi akale, posunga mbewu ya ngala zomwe zinapirira, anali akusankha chinthu chomwechi osachiona. Kafukufuku yemweyo anachenjezanso kuti kufa kwa jiniyi kumakhudza majini ena okhudza momwe mbewu imapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, choncho phindu lake silibwera laulere.

Ku Kenyatta University, Steven Runo, yemwe analandira mphoto ya Royal Society Africa Prize mu 2020, akugwiritsa ntchito njira yodulira majini ya CRISPR kuti azimitse LGS1 m'mapira omwe alimi amawakonda kale. Ku China nako, ofufuza a Chinese Academy of Sciences analengeza mu 2025 kuti apeza majini awiri omwe amatulutsira strigolactone kunja kwa muzu wa mapira, ndipo atawazimitsa kaufiti anachepa.

Mwina mukuti, zonsezi ndi za mapira, nanga chimanga? Kwa nthawi yaitali chimanga chinkaoneka ngati chilibe podzitetezera. Chifukwa chake n'chomveka. Mapira ndi mbewu ya kuno ku Africa, yakhala ikulimbana ndi kaufiti kwa zaka masauzande. Chimanga chinachokera ku Mexico komwe kulibe kaufiti, ndipo chafika kuno zaka mazana ochepa zapitazo. Oswetsa mbewu ku bungwe lofufuza za ulimi la IITA, ku Nigeria, anachita kubwerera kwa m'bale wa chimanga wam'tchire wa ku Mexico, Zea diploperennis, kuti apezeko mphamvu yopirira. Koma mu 2023 Changsheng Li, wophunzira wa PhD m'gulu la Harro Bouwmeester ku University of Amsterdam, pamodzi ndi anzake, anafotokoza momwe chimanga chimapangira timankhwala take. Atayeza mitundu yambiri ya chimanga anapeza ina yomwe imatulutsa kwambiri strigolactone wotchedwa zealactol m'malo mwa wina wotchedwa zealactone, ndipo mitundu imeneyi imadzutsa njere zochepa. Anapezanso jini yomwe ili pamphambano ya njira zopangira timankhwala tiwiriti. Woswetsa mbewu tsopano ali ndi chinthu chenicheni choti azifunafuna.

Ntchito yotereyi, tisaiwale, imagwiridwa ndi manja a ophunzira. Dzina la pulofesa ndi lomwe limatchuka, koma amene amatsuka njere zonga fumbizi, kuziyala pa timapepala tonyowa, kuzisunga pofunda kwa masiku 14, kuzidonthezera madzi ochokera ku mizu ya mbewu, n'kukhala pa maikulosikopu kuwerenga imodziimodzi zomwe zamera, ndi wophunzira wa digiri yachiwiri kapena ya PhD. Pofuna kuona zomwe zimachitika njere ikaphatika, amameretsa mbewu m'timabokosi tafulati toonekera mkati, mizu itayalidwa pansalu, n'kumajambula masiku aliwonse. Ndi m'timabokosi totere momwe Sylvia Mutinda, wophunzira m'gulu la Runo, anaonetsera mu 2018 kuti chimanga cha ku Kenya chotchedwa KSTP 94 chimalola kaufiti kuphatika koma ambiri amalephera kulowa mpaka m'mitsempha. Ichi ndi chitetezo chachiwiri, chosiyana ndi chija cha uthenga, ndipo oswetsa mbewu akufuna kuphatikiza zonse ziwiri m'mbewu imodzi, chifukwa kaufiti amatha kuzolowera chitetezo chimodzi chikakhala chokha.

Palinso omwe akufuna thandizo kwa tizamoyo ta m'nthaka. David Sands wa ku Montana State University ndi ofufuza a ku Kenya anasankha mtundu wa bowa wa Fusarium womwe umadwalitsa kaufiti osakhudza chimanga. Poyamba ankaupereka kwa alimi uli pa kamtengo kotokosera m'mano. Mlimi ankakaika mu mpunga wophika kwa masiku atatu kuti bowa achuluke, n'kuthira pang'ono pa phando lililonse podzala. Atayesa m'minda ya alimi 500 kumadzulo kwa Kenya, zokolola zinakwera ndi pafupifupi theka. Boma la Kenya linavomereza mankhwalawa mu 2021 pa dzina la Kichawi Kill, ndipo tsopano amapakidwanso pa mbewu. Ku Ethiopia, ofufuza a kumeneko pamodzi ndi a ku Netherlands ndi ku California akufufuza chifukwa chomwe minda ina imakhala ndi kaufiti wochepa ngakhale njere zilimo. Mu 2024 anaonetsa kuti mabakiteriya ena amalimbitsa khungu la mkati mwa muzu wa mapira, ena amaphwanya timankhwala tomwe kaufiti amatsata poboola.

Njira zakale ziliponso. Ya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Kenya, yodzala Desmodium, chomera cha mtundu wa nyemba, pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere m'mphepete mwa munda, inapangidwira kapuchi, koma anadzapeza kuti mizu ya Desmodium imalepheretsa kaufiti kukula. Imagwira bwino, vuto ndi kusowa kwa mbewu ya Desmodium ndi ntchito yoisamalira chaka choyamba. Ina ndi chimanga chopakidwa mankhwala ophera udzu a imazapyr, chomwe bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT linathandiza kupanga: kaufiti akaphatika pa muzu amamwa mankhwala n'kufa.

Tsopano pali mfundo yomwe mlimi wa ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Tete ayenera kuidziwa asanakondwere kwambiri ndi nkhani zonsezi. Kaufiti si mmodzi. Zambiri zomwe ndafotokozazi zinayesedwa pa Striga hermonthica, kaufiti wamtali wa maluwa ofiirira motuwira amene wasautsa West Africa, Ethiopia, Sudan ndi madera ozungulira nyanja ya Victoria. Wovuta kwambiri kwathu kuno ndi Striga asiatica, wamfupi, wa maluwa ofiira. Awiriwa amasiyana ngakhale pa kaberekedwe. Wamtaliyo amafuna mungu wochokera ku tsinde lina, choncho m'munda umodzi mumakhala mitundu yosakanikirana yambiri. Wathuyu amadzibereketsa yekha, ndipo ana amafanana kwambiri ndi kholo. Kusiyana kumaonekera poyerekeza dera ndi dera. Mbewu yomwe yapirira ku Kisumu siingangotengedwa kuti ipiriranso ku Dowa, ndipo yomwe yapirira ku Dowa iyenera kuyesedwanso ku Balaka. Majini onse a Striga asiatica anawerengedwa mu 2019 ndi gulu la Ken Shirasu ku bungwe lofufuza za sayansi la RIKEN, ku Japan, kotero zida zofufuzira zilipo. Chomwe chachepa ndi anthu ozigwiritsa ntchito pa nthaka yathu ndi mbewu zathu.

Ena ayamba. Ku University of KwaZulu-Natal, ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa, kuli African Centre for Crop Improvement, komwe kuyambira 2002 ophunzira a PhD ochokera m'maiko osiyanasiyana a Africa amaphunzira kuswetsa mbewu, kafukufuku wawo n'kukachitira kwawo. Pansi pa Hussein Shimelis, Admire Shayanowako anafufuza chimanga chopirira Striga asiatica chomwe chimagwirizananso ndi bowa wa Fusarium uja, ndipo ophunzira a ku Tanzania achita zofanana pa mapira ndi chimanga. Kuno ku Malawi, Vernon Kabambe wa ku Bunda wakhala zaka zambiri akuyesa kasinthasintha, kasakaniza wa chimanga ndi mbewu zamtundu wa nyemba, ndi feteleza polimbana ndi kaufiti. Ntchito ya ofufuza athu inatulutsanso khobwe wa Mkanakaufiti, yemwe amapirira kaufiti wa maluwa achikasu, Alectra vogelii. Uyu ndi mdani wa khobwe, mtedza ndi soya, ndipo kupezeka kwake kumasokoneza uphungu uja wa kasinthasintha: mbewu yomwe ikuyeretsa munda ku kaufiti wa chimanga ikhoza kukhala ikudyetsa wachikasuyu, ngati mtundu wake sunasankhidwe bwino.

Pa za kudula majini, Malawi inavomereza ndondomeko zake zoyendetsera ntchitoyi mu 2022, kukhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kutero pambuyo pa Nigeria ndi Kenya. Khomo la malamulo ndi lotsegula. Koma sindikuona kuti CRISPR ndiye pofunika kuyambira. Zomwe Li anapeza pa chimanga, ndi zomwe Ejeta anapeza pa mapira, zinali kale m'mbewu zomwe anthu amalima. Majini sanachite kuikidwamo. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbewu zamakolo za dziko lino, ndipo m'midzi alimi akusungabe chimanga chamakolo chomwe chakhala m'minda ya kaufiti wofiira kwa mibadwo ingapo. Kuyeza kuti mtundu uliwonse umadzutsa njere zingati sikufuna makina odula: kumafuna njere za kaufiti zotoledwa m'maboma osiyanasiyana, timapepala, malo ofunda, maikulosikopu, ndi wophunzira wolipiridwa mokwanira kuti akhale pa ntchitoyo zaka zitatu kapena zinayi. Kuzindikira timankhwala tenitenito ndi komwe kumafuna makina apamwamba, ndipo pamenepo m'pomwe mgwirizano ndi malabotale akunja umakhala ndi phindu.

Nthawi yonse yomwe kafukufukuyu akuchitika, nkhokwe ya njere m'nthaka ikukula kapena kuchepa malinga ndi zomwe zikuchitika m'munda chaka chino. Kuzula kaufiti sikupulumutsa chimanga chomwe chayamwidwa kale, n'chifukwa chake ambiri amakuona ngati kutaya nthawi. Koma tsinde lililonse lozulidwa lisanabereke, n'kuotchedwa kunja kwa munda, ndi njere masauzande zomwe sizilowa m'nthaka. Lomwe lazulidwa litachita kale maluwa n'kusiyidwa m'khwawa limatha kukhwimitsabe njere. Manyowa, feteleza wokhala ndi fosifolasi wothira pa nthawi yake, ndi nandolo kapena mtedza m'munda zimachepetsa njala yomwe imachititsa chimanga kutulutsa timankhwala tambiri. Mbewu yatsopano iliyonse yochokera ku Amsterdam, Nairobi kapena Bunda idzayesedwa m'minda yomweyi, ndipo m'munda momwe njere zaunjikana kwa zaka 20, ngakhale mbewu yodzutsa njere zochepa idzadzutsabe zokwanira kuipinimbiritsa.